Tisiye kuuza ophunzira kukwera hatchi kuti azibisa mantha

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ena aione ngati yaing'ono koma ine yandikhala pamtima kwa zaka ndithu. Nkhani yake ndi ya malangizo amene pafupifupi aliyense amene wayamba kuphunzira kukwera hatchi amapatsidwa tsiku loyamba lomwelo, akuti "usaonetse kuti ukuopa, ikadziwa ikupezerera". Ine ndinauzidwa zimenezi, nanenso ndinauzapo ena, nde ndikulemba ngati munthu amene anawakhulupirira malangizowa mpaka kutsala pang'ono kuwononga ubale wake ndi chiweto chimene amachikonda kwambiri. Zoti hatchi imadziwa ukamaopa ndi zoona ndithu. Koma zoti ubisezo nde pali vuto, chifukwa pobisa pake palibe, ndipo kuyesa kubisako ndi kumene kumaisokoneza hatchi kuposa mantha eni akewo.

Ndili ndi hatchi yaikazi, ndimaitchula Nyenyezi chifukwa cha kabanga koyera kali pachipumi pake. Si hatchi yovuta ayi, kwa zaka inkati ikangomva mapazi anga imabwera yokha pageti. Tsiku lina tikuyenda pang'onopang'ono pafupi ndi thanki ya madzi imene ili pakona pa mpanda, chipepala cha pulasitiki chinauluka ndi mphepo, iyo nkudzidzimuka kulumphira cham'mbali, ine nkugwa. Phewa linavulala moti ndinakhala milungu ingapo osakwera. Kugwa sikwachilendo kwa okwera mahatchi, ndipo phewalo linapola bwinobwino, koma mantha sanapole. Ndinkati ndikangoponda pokwerera mtima thi thi thi, mkamwa gwa kuuma. Nde poti ndinaphunzitsidwa kuti mantha saonetsa, ndinayamba kuchita sewero. Kufika kukhola ndi mawu okweza achisangalalo, kuisisita pakhosi mwamphamvu, "tiye mtsikana wanga, tiye", kumwetulira kuti aliyense aone kuti ndabwerera ndili bwinobwino. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Pasanathe milungu iwiri Nyenyezi inasintha. Ndikalowa mumpanda inkatembenuka kundipatsa mbuyo nkumapita kutali, osati kuthamanga ayi, kungochoka basi, ndikasendera iyonso kusendera. Ndikakwera inkagwedeza mutu, kutafuna kachitsulo ka mkamwa, kuyenda chammbali ngati nkhanu, ndipo pathanki paja inkangoima njii kukana kudutsa, malo oti inadutsapo kambirimbiri chichitikire ngozi ija anthu ena ataikwera. Pamenepo mpamene pankandiwawa kwambiri, munthu wina akaikwera inkadutsa osayang'anako nkomwe. Wina anandiuza kuti yazolowera zoipa nthawi imene ndimadwala ija, ndigule kachitsulo kowawa kwambiri, wina akuti ndizinyamula chikwapu ndiionetse kuti bwana ndani. Ndinatsala pang'ono kumvera.

Anandipulumutsa ndi amayi ena achikulire amene akhala ndi mahatchi moyo wawo onse. Anaima pampanda kundiyang'ana mwina mphindi khumi osayankhula kanthu, kenako anangoti, "Mwananga, koma ukupuma iwe?" Ndinadabwa, koma nditadzimvetsera ndinapeza kuti zoonadi mpweya ndaugwira, ndikupumira pamwamba pachifuwa pokha. Nde anati, "Miyendo yako ikuti tiye, manja ako akuti ima, pakamwa pako pakuti zonse zili bwino. Tandiuza, iyo imvere ziti?"

Mawu amenewa ndawalingalira kwa nthawi yaitali ndipo ndikufuna ndiwamasulire bwino, chifukwa anthu akamva zoti hatchi imafuna munthu weniweni wosanamizira amaganiza kuti ndi zamatsenga kapena ndakatulo chabe, pomwe ndi nkhani ya thupi. Hatchi imaphunzitsidwa ndi kukhudza. Ukaipana pang'ono ndi miyendo ndiye kuti ukuti pita, ukagwira zingwe ndiye kuti ukuti chepetsa kapena ima, ndipo ikachita chimene wapempha umamasula msangamsanga, kumasulako ndi kumene kumaiuza kuti yakhoza. Chilankhulo chonse chagona pamenepo, kupana ndi kumasula, pa nthawi yake. Tsono taonani zimene thupi la munthu wamantha limachita lokha osatumidwa. Mawondo amapana kuti usagwe. Manja amakoka zingwe kuti isathawe. Msana umauma, thupi limawerama kutsogolo, maso amayang'ana pansi kapena pa chinthu chimene ukuopacho. Kwa hatchi ndiye kuti ukuiuza pita ndi ima nthawi imodzi, ndipo olo itayesa kupita kupanako sikutha, olo itayesa kuima kukokako sikutha, palibe yankho limene likuibweretsera mpumulo. Chiweto chilichonse ukachiika pamalo oti chilichonse chimene chingachite nkulakwa chimayamba kuvuta, china chimalimbana nawe, china chimangozizira nkusiya kuyesa. Ndipo munthu amene akubisa mantha ndi amene amauma kwambiri, chifukwa kuwonjezera pa manthawo akugwiranso ntchito yachiwiri yodzigwira kuti asaoneke.

Khungu la hatchi limamva ntchentche imodzi ikatera, mwaonapo mmene imanjenjemeretsera malo okhawo pamene yatera ntchentcheyo. Nanga munthu wathunthu wakhala pamsana pake, mafupa ake okhalira akugunda pachishalo, angabise bwanji kuti wauma?

Izi si zongoganiza ine ayi. Mu 2009 a Linda Keeling ndi anzawo ku Sweden anafalitsa zimene anapeza pa kafukufuku wina wosavuta kumva. Anthu ankayendetsa mahatchi, ena atakwera ena akukoka ndi chingwe, kudutsa njira imodzimodzi kanayi, onse atavekedwa zoyezera kugunda kwa mtima, munthu ndi hatchi yomwe. Asanadutse kachinayi munthuyo ankauzidwa kuti ulendo uno wina atambasula ambulera mwadzidzidzi hatchi ikamadutsa. Ambulerayo sinatambasulidwe nkomwe. Koma mtima wa munthu unakwera, ndipo wa hatchi unakweranso, hatchi yoti sinamve chilichonse za ambulera ndipo palibe chimene inaona. Inangowerenga munthu amene anali nayo. Nditamva za kafukufukuyu ndinaiona thanki yanga ija, ine ndi amene ndinkabweretsa chipepala cha pulasitiki chija tsiku lililonse, chili mmutu mwanga.

Koma nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi yakale, ya hatchi yotchedwa Hans ya mumzinda wa Berlin. Mwini wake, a Wilhelm von Osten, anali mphunzitsi wa masamu ndipo ankakhulupirira ndi mtima onse kuti hatchi yawo imatha kuwonkhetsa, kuchotsera ndi zina zotero. Ukaifunsa samu inkayankha pogunda chiboda pansi mpaka kufika pa nambala yolondola. Mu 1904 gulu la akatswiri linaifufuza nkupeza kuti palibe chinyengo chimene mwini wakeyo akuchita. Kenako a Oskar Pfungst anaiyesa mwadongosolo, ndipo mu 1907 anafalitsa zimene anapeza. Wofunsayo akakhala kuti yankho akulidziwa, Hans inkakhoza pafupifupi mafunso 9 pa 10 alionse. Akakhala kuti salidziwa, kapena hatchiyo ikatchingidwa maso kuti isamuone, inkalephera pafupifupi onse. Chimene inkachita ndi kuyang'anitsitsa munthu. Ikayamba kugunda munthu ankawerama pang'ono nkuuma poyembekezera, ikafika pa nambala yolondola munthuyo ankamasuka nkudzutsa mutu pang'ono zedi, kakusuntha koti anthu oonerera sankakaona, iyo nkusiya kugunda. Anthu ambiri nkhaniyi amaikamba ngati yoonetsa kuti hatchiyo sinali yanzeru. Ine chimene ndimatolapo ndi china. A Pfungst atazindikira chinsinsicho anapeza kuti iwo eni ankapitirizabe kupereka zizindikirozo olo akuyesetsa kuti asazipereke. Munthu wophunzira, wodziwa bwino chimene akufuna kubisa, analephera kuchibisa. Nde ife timuuze mwana wa zaka 10 amene wakwera koyamba kuti abise mantha, tikumupempha zotheka?

Nkhope za anthu nazonso mahatchi amawerenga. Ku yunivesite ya Sussex ku England, a Karen McComb ndi anzawo mu 2016 anaonetsa mahatchi 28 zithunzi za nkhope za anthu, zina zokwiya zina zosangalala. Pa nkhope zokwiya mitima ya mahatchiwo inkakwera msanga ndipo ankazipenya kwambiri ndi diso lakumanzere, limene mahatchi amakonda kupenyera zinthu zoopsa. Mu 2018 anapitiriza, hatchi inkaonetsedwa chithunzi cha munthu atakwiya kapena akusangalala, patapita maola angapo nkukumana ndi munthu weniweniyo nkhope ili zii, iye osadziwa kuti hatchiyo inaona chithunzi chiti. Mahatchi amene anaona chithunzi chokwiya ankamuchenjerera munthuyo. Ndiye kuti mmene unalili mmawa, madzulo ikukumbukirabe.

Palibe chodabwitsa ukaganizira kuti hatchi ndi nyama yotani. Ndi nyama yodyedwa, chitetezo chake ndi kuthawa komanso kukhala pagulu. Maso ake ali mmbali mwa mutu moti imaona pafupifupi kuzungulira konse kupatula kumbuyo kwenikweni ndi pafupi penipeni kutsogolo kwa chipumi, makutu ake amatembenuka lililonse palokha. Pagulu imodzi ikangodzutsa mutu nkuuma, zinzake zonse zadziwa kale, sizidikira kuona chilombocho. Ndipo mnzake pagulu sanama, akaopa amaoneka kuti waopa, akakwiya amapinda makutu kumbuyo, akamasuka amaweramitsa mutu nkupumitsa mwendo umodzi wakumbuyo. Chimene chimayenda mwakachetechete, thupi louma, mpweya chogwira, maso ali pa iwe koma chikuchita ngati sichikufuna kanthu, mchilengedwe chimenecho ndi chilombo chimene chikukuzembera. Mmene ndimaonera ine, munthu wobisa zamumtima akamayandikira hatchi amafanana kwambiri ndi chimenecho.

Apa ndisiyane pang'ono ndi anzanga ena okonda mahatchi amene amanena kuti hatchi imaona mzimu wa munthu, imadziwa wabodza ndi wachilungamo, imadana ndi achinyengo. Ayi, tisaipatse ntchito ya woweruza. Hatchi ilibe nazo kanthu kuti unanamiza abwana ako kuntchito kapena uli ndi ngongole. Funso lake ndi limodzi, munthu uyu ndingathe kudziwa chimene achite kenako? Zimene thupi lake likunena zikugwirizana? Akati tiye akutanthauzadi tiye? Munthu wosanamizira amawerengeka, ndipo chowerengeka ndi chimene hatchi imatha kumasuka nacho pafupi.

Wina afunsa kuti nanga ngati mantha imawamva kaya wabisa kaya sunabise, kuvomereza kuthandiza chani? Funso labwino, ndipo yankho lake ndinalipeza pochita. Kuvomereza sikuchotsa mantha tsiku lomwelo, koma kumasintha zimene ukupempha. Amayi aja anandiuza kuti nditsike. Ndinatsika, manyazi ali tho poti anthu amaona. Anati, "Pempha chokhacho chimene ukuchifunadi." Nde ndinadzifunsa moona, kodi ndikufunadi kudutsa pathanki paja nditakwera? Ayi, sindinkafuna, pakamwa pokha ndi pamene pankafuna. Kodi ndikufuna kudutsapo ndikuyenda pansi, chingwe chili mmanja? Eya, chimenecho ndinkatha ndi mtima onse. Tinadutsa, Nyenyezi osatekeseka olo pang'ono. Mawa lake chimodzimodzi. Kenako kukwera nkungokhala, osayenda, kupuma mpweya wofika mmimba mpaka mawondo atamasuka, nkutsika. Kenako kuyenda mbali ya mpanda imene sindinkaopa. Ndipo ndinayamba kuchita chinthu chimene ena angachione chachilendo, kuyankhula mokweza zimene ndikumva, "lero ndikuopa, mtsikana wanga, tiyenda pang'ono pokha". Sikuti iyo imamva mawuwo, amene amafunika kumva ndi ine, ndipo munthu sungayankhule chiganizo chonse utagwira mpweya, nde kuyankhulako kumakukakamiza kupuma, mapewa nkutsika okha.

Sindikunamizani kuti inabwera kudzatsamira mutu paphewa langa tsiku lomwelo. Zinatenga milungu itatu kapena inayi. Choyamba chimene ndinaona nchakuti ndikalowa mumpanda inasiya kundipatsa mbuyo, inkangopitiriza kudya udzu khutu limodzi litaloza kwa ine. Kenako tsiku lina nditakwera, nditatulutsa mpweya wautali, nayonso inatulutsa wake mmphuno, purrr, khosi nkutsika. Amene amakhala ndi mahatchi akudziwa kuti kamvekedwe kameneko nkokoma bwanji. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuona timabodza tina ting'onoting'ono timene timachita ndi mahatchi osaganizako. Kubisa chingwe kumbuyo popita kukaigwira. Kugwedeza ndowa yopanda kanthu kuti ibwere ikuganiza kuti muli chakudya. Kuiyandikira ngati ukungodutsa kenako nkuigwira mwadzidzidzi. Zimagwira ntchito kamodzi, kawiri, mwina katatu, kenako uli ndi hatchi imene imayang'ana kaye manja ako isanakuyandikire, ndipo umayamba kuinena kuti ndi yochenjera moipa pomwe waiphunzitsa ndiwe. Ine pano chingwe ndimachinyamula poyera, ichione. Ndipo sikuti nthawi zonse ndikaigwira ndiye kuti ntchito, pena ndimaigwira, kuipesa ndi burashi, kuikanda pamene imakonda paja pamwamba pa mapewa, nkuimasula. Ngati kukubwera jakisoni kapena mankhwala owawa sindichita ngati kulibe kanthu, ndimaima nayo modekha nkuchita chimene chikufunika, ikatha nkuipatsa mpata ipume. Imakhululuka msanga zowawa zimene zabwera moonekera kusiyana ndi zimene zabwera mozemba.

Bodza lina ndi lovala khalidwe la munthu wina. Masiku ano aliyense amaonera mavidiyo a akatswiri pa intaneti, nde umapeza munthu wofatsa mwachibadwa akuyesa kuyenda modzitukumula, kukuwa, kuzunguza chingwe mmwamba poti anaona katswiri wina akutero, akuti akhale bwana wa gulu. Zimene wakoperazo ndi zakunja zokha, chimene sanakopere ndi nthawi yake, katswiri uja amadziwa kamphindi koyenera kupana ndi kamphindi koyenera kumasula, ndipo akapempha chinthu amakhala akuchifunadi. Wokoperayo amakuwa koma mapazi ake akubwerera mmbuyo, hatchi nkumakhulupirira mapaziwo. Ndaonapo anthu oyankhula motsitsa kwambiri, oti sungawamve uli patali pang'ono, mahatchi olemera makilogalamu 500 akuwatsatira ngati ana, chifukwa ayi wawo ndi ayi tsiku lililonse ndipo eya wawo ndi eya. Ndaonaponso anthu aphokoso mwachibadwa, oseka mokweza, mahatchi awo ali phee poti anawazolowera kuti ndi mmene alili. Chimene hatchi imavutika nacho ndi munthu amene lero walola kuti imukankhe ndi mutu poti wasangalala, mawa waimenya pa chinthu chomwecho poti zamuvuta kwina.

Pamenepa ndichenjezepo, chifukwa mawu oti khala weniweni ena amawatenga ngati chilolezo. Kusanamizira sikutanthauza kukhuthulira hatchi zonse zimene zili mumtima mwako. Ukakwiya nkuikoka pakamwa mwankhanza sunganene kuti ndimangokhala mmene ndilili. Zaka zoposa 2,300 zapitazo Xenophon wa ku Greece, msilikali amene analemba za kasamalidwe ndi kakweredwe ka mahatchi, analangiza kale kuti munthu asamachite chilichonse ndi hatchi ali wokwiya, ndipo anafanizira hatchi yokakamizidwa ndi wovina amene akuvinitsidwa ndi chikwapu, kuti palibe kukongola kumene kungatulukepo. Kukhala woona ndi kudziwa kuti lero ndakwiya, nkusankha moona kuti lero sindikwera, ndingochotsa ndowe mkhola, ndione madzi, ndipite. Kapena kuima kaye pageti mphindi zisanu mpaka mtima utsike. Wobisa mkwiyo ndi amene amaphulika pakati pa ntchito, poti anadziuza kuti ali bwino nkukwera, kenako hatchi yalakwitsa kanthu kakang'ono iye nkuilanga ndi mkwiyo wa tsiku lonse. Hatchiyo singalumikize chilango chachikulu chotero ndi kalakwidwe kakang'onoko, chimene imaphunzira nchakuti munthu uyu amaphulika popanda chenjezo.

Chenjezo lachiwiri ndi lofunika kuposa loyambali. Si vuto lililonse la hatchi limene limachokera mumtima mwa wokwera. Ndimamva chisoni ndikaona munthu akudziimba mlandu kuti mwina sindine woona mokwanira, mwina mtima wanga suli bwino, pomwe hatchi yake ikumva kuwawa msana chifukwa chishalo sichikukwana, kapena dzino lasongoka likucheka tsaya, kapena mwendo ukupweteka, kapena ili ndi zilonda mmimba. Mahatchi amabisa ululu, poti mtchire yooneka yofooka ndi imene imayamba kugwidwa. Dokotala wa mahatchi wa ku England, a Sue Dyson, ndi anzawo anakonza mndandanda wa zizindikiro 24 zimene hatchi yokweredwa imaonetsa, monga kupinda makutu kumbuyo nthawi yaitali, kutsegula pakamwa, kukupiza mchira kwambiri, kupendeketsa mutu, ndipo anapeza kuti ikaonetsa 8 kapena kuposa ndiye kuti mwachidziwikire pali ululu penapake. Nde hatchi ikasintha khalidwe, choyamba itanani dokotala wa ziweto, onetsani mano, ziboda ndi chishalo. Ine Nyenyezi ndinaiyezetsa kaye zonsezi, komanso umboni unalipo poti ena akaikwera inkayenda bwino. Kunena zoona kumafunikanso pamenepa, kuvomera kuti mwina chishalo chimene ndimachikondachi ndi chimene chikuipweteka, mwina yakalamba singathenso zimene ndikufuna, mwina ndikuikakamiza kulumpha chifukwa ndikufuna anthu andione osati chifukwa yakonzeka.

Chinanso chimene sindinkayembekezera nchakuti nditasiya sewero ndinayamba kuimva iyoyo. Munthu amene ali bize kudzibisa maganizo ake onse ali pa iye mwini, ndikuoneka bwanji, aona kuti ndikunjenjemera, ndipo alibe mpata woona kuti hatchi yakwinya pamwamba pa diso, milomo yauma, khutu lalozera kutchire. Akatswiri a ku Sussex omwe aja anawerengera mayendedwe 17 osiyanasiyana a nkhope ya hatchi, ndiye kuti imayankhula zambiri ndithu, ife ndi amene timakhala tili kwina. Pano ndimaona msanga Nyenyezi ikayamba kukayikira chinthu, isanafike podzidzimuka, nde ndimaima nayo, tiyang'ane limodzi, ipume, tipitirize. Nayonso ili ndi masiku ake oipa, ndipo poti ine ndinasiya kunamizira kuti ndilibe anga, ndinasiyanso kuyembekezera kuti iyo izikhala ngati makina.

Pempho langa likupita kwa onse amene amaphunzitsa anthu kukwera, makamaka ana. Mwana akafika maso ali tong'o, musamuuze kuti abise. Mufunseni, "ukuopa?" ndipo akati eya muuzeni kuti palibe cholakwika, nyamayi ndi yaikuludi. Muonetseni poima pabwino, cham'mbali pafupi ndi phewa osati kumbuyo. Aike dzanja pakhosi pake amve kufunda kwake, awerenge mokweza kapena aimbe kanyimbo kuti azipuma. Mpatseni hatchi yodekha yozolowera ophunzira, wina aigwire chingwe, helemeti ili kumutu. Akati ndikufuna kutsika, atsike, adzakweranso mawa. Mwana amene waloledwa kunena zoona amamasuka msanga pachishalo kuposa amene akulimbana ndi misozi kuti asaoneke wamantha, ndipo hatchi imene yamunyamulayo nayonso imapeza mpumulo. Akuluakulu nawonso chimodzimodzi, makamaka amene anagwapo, poti iwo nde amabisa kwambiri.

Pathanki paja pano timadutsa nditakwera, zingwe zili lende. Masiku a mphepo yambiri mtima umagundabe ndikamayandikira pakonapo, nde ndimaiuza, ndimatulutsa mpweya, pena timadutsa pena ndimatsika nkuyenda nayo pansi mpaka tidutse, kenako nkukweranso. Ndipo mmawa ikamva mapazi anga yayambiranso kubwera pageti.

Ndine wanu,
Wowerenga wokonda mahatchi